Thukuta la Pamphumi pa Akulu Anga a Yowane

Tabwerani kuno, ana inu. Iwe Tadala, ika pansi foniyo, siithawa. Yamikani, usakhalire thabwa ilo, lili ndi msomali, ungang'ambe kabudula amako n'kudzandiimba mlandu ine. Khalani apa pakhonde dzuwa likadalipo.

Inu mumayesa kuti makutu anga adatha ntchito. Lakumanzereli lidafadi, sowo idalimaliza kalekale, koma lakumanjali limamva ngakhale khoswe akamayenda kudenga. Ndakumvani mukunong'onezana kuseri kwa khola la nkhumba chibwerereni ku maliro a bambo Jere dzulo. Akuti thupi lidali lofewa. Akuti pamphumi padali thukuta. Akuti bambo Jere sadafe ayi, achita kuwachotsa m'matsenga, ndipo wawachotsa ndi mkazi wawo Nambewe. Wanena zimenezi ndiwe, Tadala, mwana wa sekondale ku Kabwazi, wovala tayi ngati kalaliki. Usagwetse nkhope, sindikukukalipira. Mawu amenewo ndimawadziwa bwino, chifukwa tsiku lina ine ndidawanena ndi pakamwa pangapa, ndipo munthu adachoka m'mudzi muno ali ndi mwana kumsana. Sindifuna kuti Nambewe achoke chimodzimodzi. Tsono tcherani khutu.

Inu mudandipeza ndili kale nkhalamba yokhoma mipando yothyoka. Koma ine ndidali mmisiri, ana inu, mmisiri weniweni. Mitengo tinkagula kwa a zankhalango m'phiri la Dedza, ndipo matabwa tinkacheka tokha pa dzenje, ine ndi akulu anga a Yowane, ndi sowo ya anthu awiri. Iwo ankaima pamwamba pa chipika, ine pansi m'dzenjemo, utuchi ukundithira m'maso tsiku lonse. Ndikadandaula ankangoseka, amvekere, "Filipo, wobadwa pambuyo amadya utuchi, kafunse kulikonse." Mwezi wa Juni chifunga chinkatsika mpaka sumamuona mnzako amene wagwira naye sowo imodzi, umangomva kukoka kwake. Zala zikakana kugwira ndi chisanu, tinkakwirira kachewere paphulusa, kudya ndi mchere wa m'thumba la malaya, kumwera thobwa la m'chipanda. Chakudya chokoma ngati chimenecho sindidachidyenso. Lero anyamata amabwera ndi makina olira ngati njinga yamoto, mtengo umene ife tinkalimbana nawo masiku atatu iwo amaumaliza tiyi asanazizire. Koma taonani matabwa akewo, okhota ngati msana wangawu.

Ndidayamba ndi zitseko ndi mabenchi a m'tchalitchi, koma chimene chidanditchukitsa ndi mabokosi a maliro. Ine ndili mwana anthu ankaikidwa m'mphasa. Mabokosi atayamba, midzi yonse ya mbali ino inkabwera kwa ine. Tepi ndidalibe. Munthu akamwalira ndinkapita ndi bango, kuligoneka m'mbali mwake, kudula pamene pathera phazi, kenaka kudula kabango kena ka m'mapewa. Ndikatha kulemba pa matabwa, bangolo linkapita kwa okumba manda, ndipo pomaliza linkaponyedwa m'dzenje momwemo, silinkabwerera kumudzi. Bokosi tinkalikuta ndi nsalu yakuda ya biriwita, yothimbiriritsa manja sabata yathunthu. Zonyezimira zamagalasi zimene mumaona m'mbali mwa msewuzi kudalibe.

Ntchito imeneyi idandiphunzitsa zinthu zimene inu simungazipeze m'mafoni anuwo. Ndidadziwa kuti munthu akangotsirizika muyenera kumutseka maso msanga, kumumanga chibwano ndi kansalu, kumuwongola miyendo, chifukwa pakapita maola ochepa amayamba kuuma. Zimayambira m'nsagwada ndi m'khosi, kenaka thupi lonse limakhala gwa ngati thabwa la mlombwa. Mukachedwa, bokosi silitsekeka.

A Yowane ndiwo ankandithandiza kunyamula, ndipo adali munthu wosaopa zinthu wamba. Anthu akamati, "Malirowa akulemera, akukana kupita, pali amene akumudandaula," iwo ankandinong'oneza kuti, "Filipo, udanyamulapo mwana ali m'tulo? Amalemera kuposa ali maso, chifukwa sakukuthandiza. Ndi zomwezi." Tsiku lina tikunyamula nkhalamba ina kuti tiike m'bokosi, thupi lidabuula, kumveka kuti hmmm, ngati munthu wotopa. Ana inu, akatekisiti amene ankatsogolera pemphero adatulukira pakhomo osawerama, nsapato imodzi n'kutsala m'nyumba. A Yowane osatekeseka, adangoti, "Ndi mpweya wotsalira m'chifuwa uwu, mwaufinya ngati mvukuto. Gwira bwino kumiyendoko." Nsapato ija adachita kuwaperekera kunyumba mawa lake.

Tsono apa ndi pamene muyenera kumvetsetsa. Masiku amenewo munthu akamwalira lero, mawa dzuwa likamapendeka adali kale m'manda. Firiji yosungiramo maliro tidali tisanaimvepo. Ine amene ndinkadziyesa katswiri, mitembo yonse imene ndidaigwira idali ya tsiku limodzi, youma gwa. Wa masiku asanu ndidali ndisanauonepo, ndipo sindinkadziwa kuti sindidziwa.

A Yowane adakwatira mkazi wa kutali, wa ku Ntcheu, Nangozo, n'kumubweretsa kuno pa chitengwa. Adali mkazi wosalankhulalankhula, koma khasu linkamumvera. Dimba lake la kachewere ndi kabichi kudambo kuja linkaimitsa anthu odutsa. Amayi ena a m'mudzi muno sizinkawakomera, ankati mlendo angapose bwanji eni nthaka. Ine ndinkamva, osalabadira. Adali ndi mwana mmodzi wamkazi, Esitere, wongoyamba kumene kukhala pansi.

Chaka chimenecho, mwezi wa Novembala, masuku atayamba kugwa, a Yowane adadwala chibayo. Chitakula adawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, Nangozo n'kupita nawo kukawadwazika. Adamwalira Lachisanu. Ife tidamva Lamulungu, pa wailesi ya aphunzitsi, pa nthawi ya mauthenga a maliro. Inu lero munthu asanatseke n'komwe maso chithunzi chake chafika kale ku Joni. Galimoto lidavuta, mpaka Lachitatu ndi pamene lole ina yonyamula matabwa idavomera kubwera nawo pobwerera. Masiku onsewo thupi lidali m'firiji kuchipatalako.

Bokosi lawo ndidalikhoma popanda bango. Ndidadziyeza ndekha n'kuwonjezera zala zinayi, pakuti ndi mmene ankandiposera. Ndinkapala matabwa misozi ikugwera pomwepo.

Lole idafika masana, kunja kuli chifundi, mitambo italemera koma mvula osagwa. Tidawalowetsa m'nyumba atakulungidwa m'mabulangete awiri. M'nyumbamo tidalimo amuna anayi, ine, amalume athu ndi akuluakulu ena awiri. Titafunyulula mabulangete, ndidagwira mkono kuti ndiwakonze. Mkono uja udangoti lende, wofewa ngati wa munthu wogona. Ndidagwira khosi, nalonso lotembenuka bwinobwino. Ndili chiyang'anire, pamphumi padayamba kuoneka timadontho. Ndidapukuta ndi malaya anga. Posakhalitsa timadontho tija tidabweranso.

Amalume adayendetsa dzanja pachibwano pa a Yowane, n'kuyang'ana ine. Kenaka adapita pakhomo kukaitanitsa Nangozo, amene adali pakati pa amayi kunja.

"Mayi, kodi kuchipatalako amuna anuwa ankameta ndevu?"

Nangozo adagwada, n'kuyankha mosabisa, "Ndidawameta ndine Lachinayi, ndi lumo lawo lomwe. Adandipempha okha, amati safuna kuoneka ngati wamisala pamaso pa madokotala."

"Mudawameta bwinobwino?"

"Adasalala, amalume."

Nanenso ndidagwira chibwano chija. Ndevu zinkabaya.

Mukudziwa zimene anthu amanena za ndondocha, nanga si ndi zomwe mumanong'onezana kukhola kuja. Amati munthu amamuchotsa wamoyo, kumudula lilime, kuti azikalimira mwini mankhwala, ndipo chimene mukuika m'manda ndi thunthu la nthochi lovala nkhope yake. Onse m'nyumba muja adatembenukira kwa ine, chifukwa ndine amene ndidagwirapo mitembo yambiri kuposa aliyense. Ndikadangonena kuti sindikudziwa, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Munthu amene akadandigwira pakamwa ndi a Yowane omwewo, amene adagona pamphasayo. Mtima udali utandiwawa, ndinkafuna wina woti ndimuloze chala, ndipo kunena kuti sindikudziwa kudandichititsa manyazi. Ndidatuluka pakhomo, n'kunena mokweza anthu onse akumva:

"Ine ndaika anthu ambiri m'bokosi, koma wotere sindidamuonepo. Wakufa satuluka thukuta, wakufa samera ndevu. Akulu angawa sadafe imfa ya Mulungu."

Dzina sindidatchule. Padalibe chifukwa chotchulira. Amayi amene adakhala pafupi ndi Nangozo adayamba kusendera kutali mmodzimmodzi, mpaka adatsala yekha pamphasa ndi mwana wake. Wina kumbuyo adati, "N'chifukwa chake dimba lija." Basi, mlandu udatha choncho.

Kumanda Nangozo adamuletsa kupita. Adamukhazika kuseri kwa nkhokwe, ife n'kunyamula amuna ake iye akungomva nyimbo zikupita kutali. M'mawa mwake, tisanamete n'komwe maliro, adamanga kamtolo ka zovala, kubereka Esitere, n'kutsika njira ya kumsewu. Ndidamuona ndili pakhomo la shedi yangayi. Sadacheuke. Kachewere wa m'dimba muja adaolera pansi, palibe adalimba mtima kukumba.

Agogo anu aakazi, Nachisale, adakhala sabata yathunthu osandilankhula. Chakudya ankangondiikira n'kuchoka. Tsiku limene adatsegula pakamwa adangoti, "Inu bambo a Rozina, bango lanu lija mwayezera munthu wamoyo." Ndidawakalipira kuti akazi sadziwa za maliro. Sadabwerezenso mawuwo mpaka kufa kwawo, koma ine sadandichoke m'khutu.

Ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi. Kwa zaka zingapo ndinkalawirira kudambo kuja m'mamawa, mame asanaume pa udzu, kukaima pafupi ndi dimba lija kumvetsera ngati ndingamve khasu. Ndinkati mwina ndiwaona akulu anga ngakhale kamodzi, ngakhale opanda lilime. Ndinkawasowa, ana inu. Sowo ya anthu awiri ndidaipachika, sindidapezenso wina wokoka mofanana ndi ine. Kudamboko ndinkangomva achule.

Zaka zidapita, ana adakula, azakhali anu a Rozina adaphunzira unamwino, tsitsi langa lidayera. Ndiye kudadza kudwala kwa agogo anu aakazi. Iwe Tadala ukukumbukira, udali sitandade faifi, unkawatengera phala kuchipatala. Atamwalira tidadikira masiku anayi kuti bambo anu afike kuchokera ku Joni, thupi lili m'firiji. Udali mwezi wa Disembala, kotentha. Amayi atatha kuwakonza, adandiitana kuti ndikaone nkhope.

Ndidawerama pa bokosi. Pamphumi pa Nachisale padali timadontho. Ndidagwira dzanja lawo, dzanja limene ndidaligwira zaka makumi asanu, ndipo lidali lofewa, zala zikupindika. Ndidangokhala pansi pomwepo. Anthu adayesa ndi chisoni chabe.

Rozina adandidzutsa n'kupita nane kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapichesi uwo.

"Bambo, mwaona chiyani?"

"Thukuta, mwana wanga. Amako akutuluka thukuta. Ndipo sadaume."

Nkhani ya Nangozo ankaidziwa, amake adamuuza. Adandifunsa motsitsa mawu, "Tsono bambo, amayi wawachotsa ndani? Inu?"

Iye adapita kumene kudali zakumwa za alendo, n'kubwera ndi botolo lochokera m'madzi oundana. Adalipukuta ndi chitenje mpaka kuuma, n'kundigwiritsa.

"Taliyang'anani, bambo."

Ndikuyang'ana, timadontho tidayamba kumera pa botolo lija, chimodzimodzi.

"Botololi lili ndi moyo? Chinthu chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda chimachita mame. Amayi achokera m'firiji. Si thukuta ili, ndi mame."

"Nanga kufewaku?"

"Kuuma kuja sikukhalitsa, bambo. Kumabwera, kukhala tsiku limodzi kapena awiri, kenaka kumachoka kokha, thupi n'kufewanso. Inu munkaika anthu kusanachoke."

Ndidafunsa chimene chidandivutitsa zaka zonse zija. "Nanga ndevu? Munthu wometedwa Lachinayi?"

"Ndevu sizikula, ngakhale zikhadabo sizikula. Khungu ndi limene limauma n'kubwerera m'mbuyo. Simuona kudambo madzi akamaphwa, zitsa zimaoneka ngati zatalika?"

"Onse amatero?"

"Onse, bambo. Ine ndimawaona sabata ndi sabata. Abusa, asing'anga, ana, onse."

Pa maliro amenewo ndidalira anthu awiri, ndipo wachiwiriyo adali wamoyo. Safunsa adadya phula, koma phula langa ine adadya ndi wina.

Titameta maliro a agogo anu, ndidayamba kufunsafunsa. Ndidamva kuti Nangozo sadabwerere ku Ntcheu, mbiri idali itamutsogolera kumeneko. Adakhazikika pa Chimbiya, akugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Taganizani, pafupi pomwepa, ine ndikudutsapo pa basi kangati konse, nkhope nditayang'ana kwina osadziwa. Ndidavala jekete langa la ku tchalitchi, n'kukwera minibasi, zija amakupanikizani anayi pa mpando wa atatu, nkhuku ya munthu wina ili pamiyendo panga.

Ndidamupeza atakhala kuseri kwa ndowa za kachewere, gogo wa imvi ngati ine, akutola timiyala m'nyemba. Adandizindikira ndisanayandikire. Ndidavula chipewa, n'kugwada pafumbi pomwepo, maminibasi akuimba mahutala, anyamata ogulitsa akundiyang'ana.

"Alamu, dzukani, mudetsa buluku," adatero.

Sindidadzuke. Ndidafotokoza zonse, za botolo, za mame, za zitsa za kudambo, ndikuthamangitsa mawu ngati mwana wa sukulu. Ndidati ndidalakwa, ndidanama pamaso pa anthu, andikhululukire. Iye ankangotola timiyala. Nditamaliza adaika lichero pansi.

"Alamu, zoti sindidawaphe ine ndinkadziwa kale. Pamenepo simwandiuza chachilendo. Chimene sindidziwa ndi chimodzi. Amuna anga mudawagoneka pati?"

Ana inu, ine ndidapita ndi mawu ambiri okonzeratu, koma funso limenelo sindidaliganizire. Zaka zoposa makumi atatu, mkazi osadziwa pamene pali manda a mwamuna wake. Ine ndinkapitako chaka ndi chaka kukalambula, osaganizapo n'kamodzi komwe kuti pali wina amene sadaponyepo ngakhale dothi.

Loweruka lotsatira adabwera ndi Esitere, mayi wamkulu wa ana ake atatu, mayendedwe ake enieni a akulu anga, kuponya phazi lakumanzere kunja. Tidapempha chilolezo kwa akuluakulu n'kulowa kumanda. Ndidawalozera mtumbira, pafupi ndi mtengo wa msuku. Nangozo adagwada, n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, pang'onopang'ono, ngati ali m'dimba lake. Sadalire mokweza. Ndidangomva akuti, "Bambo a Esitere, ndine. Pepani ndachedwa, adanditsekera njira. Mwana wanu uja ndi uyu, ndidamulera."

Pobwerera ndidawapempha kuti alowe m'nyumba muno adye. Adakana mwaulemu. Madzi adamwera chiimire panjira apo, pafupi ndi mulu wa utuchi. Zoti wandikhululukira sadanene, inenso sindidafunsenso. Esitere tikakumana amandipatsa moni bwinobwino, koma amanditchula kuti a Filipo. Sadanditchulepo bambo aang'ono, ndipo sindimudandaula. Madzi akatayika saoleka.

Tsono ndamva kuti mawa m'mawa a kubanja kwa bambo Jere akhala pansi kuti akambirane za Nambewe. Ine ndipita. Ndikaima pamaso pawo ndi ndodo yangayi, ndikawauze zonse zimene ndakuuzanizi, ndi dzina langa lomwe, kuti adziwe kuti wolankhulayo adayezapo munthu wamoyo. Mwina akandimvera, mwina akati nkhalamba yasokonezeka mutu, koma Nambewe sakatsala yekha pamphasa ine ndili moyo. Iwe Tadala undiperekeza. Pakamwa pako padayenda nawo mawu aja, tsono miyendo yako iyendenso. Tikadzera pa golosale, tikagule botolo limodzi lozizira kwambiri.

Ndipo mumve ichi, nonse awiri. Langa tsiku silili kutali, ndipo ndikudziwa kuti mudzandisunga m'firiji kudikira a ku Joni. Ndikadzafika pano ndili wofewa, ndevu zikubaya, musadzayang'ane mkazi wa munthu aliyense, musadzayang'ane wa chigayo kapena wa dimba labwino. Ndikadzabuula ponyamula, musadzathawe n'kusiya nsapato. Mukadzaona timadontho pamphumi pangapa, mudzangotenga kansalu, mundipukute, n'kutseka bokosi.